Nyali ya Batire Ikayaka: Yezani Kaye Musanagule Batire Lina

Pa dashibodi ya galimoto iliyonse pali kanyali kofiira kojambulidwa chithunzi cha batire, ndipo chithunzi chimenechi ndicho chasocheretsa oyendetsa ambiri. Kanyalika kakayaka injini ikulira, munthu amathamangira kusitolo kukagula batire latsopano, n'kutaya mametikali masauzande angapo, koma pasanathe masiku atatu latsopanolo nalonso limapezeka lilibe moto. Chimene kanyalika kamanena n'chakuti magetsi asiya kulowa m'batire, ndipo galimoto ikudya moto umene unasungidwa kale. Batire lili ngati nkhokwe pomwe alitaneta, makina opanga magetsi amene amazungulitsidwa ndi injini, ndiyo munda. Kumanga nkhokwe yatsopano sikuthandiza ngati kumunda sikukuchokera kanthu. Ntchito yaikulu ya batire ndi kuzungulitsa sitata pa nthawi yoliza, ndipo injini ikangolira, alitaneta ndiyo imasenza nyali, wailesi, kompyuta ya injini ndi zina zonse, uku ikubwezeretsa moto umene batire lataya.

Kanyalika kakayaka muli pamsewu, diso lanu liyambe lapita pa muvi wosonyeza kutentha kwa injini. Pa magalimoto ambiri lamba amene amazungulitsa alitaneta ndi yemweyo amene amazungulitsa pampu ya madzi, choncho akaduka injini imayamba kuwira m'mphindi zowerengeka, makamaka mukamakwera zitunda za ku Zóbuè kapena mukamapita ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mutapakira katundu. Ngati muvi ukukwera, kapena chiwongolero chalimba mwadzidzidzi, patukani pomwepo ndi kuzimitsa injini, chifukwa kukakamira makilomita asanu okha kungathe kupinda hedi, umene ndi mutu wa injini, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa lamba. Oyendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu, ayenera kusamala kwambiri pamenepa. Pa injini za dizilo zakale, monga 3L ndi 5L za Toyota Hiace ndi Hilux, 4D56 ya Mitsubishi kapena 4JB1 ya Isuzu, kumbuyo kwa alitaneta kuli kapampu kamene kamakoka mpweya wothandizira mabuleki. Lamba akaduka kapampuko kamaima, ndipo mukaponda buleki kawiri kapena katatu imauma gwa, galimoto n'kumavuta kuima. Pamtsetse, mutanyamula anthu odzaza, imeneyi ndi ngozi yeniyeni.

Ngati muvi uli pamalo pake, chiwongolero ndi mabuleki zili bwino, mukhoza kupitiriza ulendo kufika pamene pali makanika, koma muzimitse chilichonse chosafunika: makina oziziritsa, fani ya m'kati, wailesi ndi mafoni amene ali pa chaja. Musazimitse injini musanafike, popeza sitata ndiyo imadya moto wambiri kuposa china chilichonse. Dizilo yakale ya pampu wamba ya mafuta imayenda mtunda wautali masana chifukwa imangofuna moto pang'ono wotsegulira mafuta, koma galimoto ya petulo kapena dizilo yamakono ngati Hilux D-4D imadalira kompyuta, ndipo moto ukatsika imangozima popanda kuchenjeza kawiri. Timagalimoto ting'onoting'ono tochokera ku Japan, ngati Toyota Vitz, tili ndi chiwongolero chamagetsi chimene chimalemera moto ukachepa. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Ulongwe ndi mtunda woposa makilomita 200, ndipo ine sindingalangize munthu kuyamba ulendo umenewo madzulo kanyali kali koyaka, chifukwa nyali zakutsogolo zidzamaliza batire asanafike n'komwe pamphambano ya Mussacama.

Mukaima pabwino, zimitsani injini, chotsani kiyi ndi kuika m'thumba, kenaka tsegulani boneti ndi kuyang'ana lamba. Ngati alipo, mudinikizeni ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri otalikirana, timawilo timene lambayo amazungulirapo. Lamba wa mtundu wakale ayenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi yokha. Lamba wong'aluka, wonyezimira m'mbali kapena wonyowa ndi oyilo amaterereka, ndipo nthawi zambiri amakhala atayamba kale kulira mokwiya m'mawa poliza kapena mukayatsa nyali. M'nyengo ya mvula, mukawoloka chithaphwi kanyali kangathe kuphethira kwa kanthawi kenaka n'kuzima. Ameneyo ndi lamba wonyowa, koma zikamabwerezabwereza ndiye kuti wakhwefuka. Pomanga musapitirire muyezo, chifukwa lamba womangika kwambiri amadya mabering'i a alitaneta ndi a pampu ya madzi. Pa injini za lamba mmodzi wamizere pali chomangira chasipuling'i chimene chimadzimanga chokha, ndipo chikatopa palibe chokonza koma kusintha.

Kuchokera pa lamba pitani pa mitu ya batire, pamene pamabisala mavuto ambiri amene anthu amanamizira alitaneta. Gwirani chomangira chilichonse ndi dzanja ndi kuyesa kuchipotoza. Chikasuntha ngakhale pang'ono ndiye kuti magetsi sakudutsa bwino. Mudzaonanso kawirikawiri ufa woyera kapena wobiriwira utaunjikana pamutu wa batire, nthawi zina utadya waya mpaka m'kati mwa chikopa chake, moti mukapinda wayayo mumamva kuti wauma ndipo tinthambo take tikuthothoka. Pa machapa ambiri mudzapeza msomali kapena kachidutswa ka chitini katakhomeredwa pakati pa mutu ndi chomangira kuti chigwire. Zimenezi zimakufikitsani kunyumba tsiku limenelo, koma zimang'amba mtovu wa mutu wa batire ndi kutsegula njira ya asidi, pomwe chomangira chatsopano n'chotsika mtengo kwambiri. Potsuka, sungunulani supuni ya soda wophikira m'kapu ya madzi ofunda, thirani paufawo mpaka thovu litasiya, osalola kuti madziwo alowe m'mabowo a batire, kenaka palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani, ndi kupaka girisi pang'ono pamwamba.

Pomasula batire yambani ndi mutu wa (−), ndipo pomanga mutsirize ndi womwewo. Chifukwa chake n'chakuti thupi lonse la galimoto ndi lolumikizidwa ku (−), choncho ngati muyamba ndi (+) sipanala ikangokhudza chitsulo chapafupi pamabuka moto wokwanira kusungunula sipanalayo ndi kukuwotchani dzanja. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo fodya asayandikire, popeza batire limatulutsa mpweya wa haidrojeni umene umaphulika. Tsatiraninso waya wonenepa wochokera ku (−) kukafika pamene wamangidwa pa thupi la galimoto ndi pa injini, umene amakanika a kuno amati massa. Misewu yafumbi ya ku Macanga ndi ku Chifunde imagwedeza maboti ameneŵa mpaka kukhwefuka, ndipo dzimbiri limamaliza zotsalazo. Massa ikakhala yoipa galimoto imachita zodabwitsa: mukayatsa indiketa nyali ya buleki imaphethira nayo, miyezo ya pa dashibodi imasuntha mukayatsa nyali, kapena sitata imangolira kuti "tiki" batire lili lodzaza.

Zonsezi zikakhala bwino, yakwana nthawi yoyeza, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kutsindika, chifukwa munthu wokhala ndi mita yoyezera magetsi, imene mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa batire, sanganamizidwe. Ikani mitayo pa DC, pa nambala 20, chingwe chofiira pa (+) ndi chakuda pa (−). Yambani injini ili yozima, makamaka galimoto itagona maola angapo. Batire lodzaza limasonyeza mavolti 12.6, likasonyeza 12.4 latsika pang'ono, 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo likafika 12.0 kapena kutsikirapo latsala pang'ono kutheratu. Likasonyeza pafupifupi 10.5 ngakhale mutalitchaja, chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi za m'kati mwake chafa, ndipo batire limenelo silingadzukenso. Kenaka pemphani mnzanu kuti alize injini inu mukuyang'ana mita: pamene sitata ikuzungulira nambala isatsike kupitirira 9.6. Batire limene likusonyeza 12.6 koma n'kugwera pa 7 kapena 8 poliza latopa, ndipo pamenepanso kugula lina kuli koyenera.

Injini ikalira, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.7. Yatsani nyali zazikulu, fani ndi makina oziziritsa, pondani mafuta pang'ono kuti injini izungulire kufika maulendo 2,000 pa mphindi, ndipo muone ngati nambala ikukhalabe pamwamba pa 13. Ikangokhala pa 12 ndi kakuti, n'kumatsikabe, alitaneta sikutchaja. Pali magalimoto ena atsopano, monga Ford Ranger ya m'zaka zaposachedwa, amene kompyuta ndiyo imalamula alitaneta, ndipo batire likadzaza imatsitsa dala mavolti pofuna kusunga mafuta. Pa oterewa musaweruze musanayatse nyali ndi kuona ngati nambala ikukwera. Pa malole a mavolti 24 manambala onseŵa muwachulukitse kawiri, ndiye kuti potchaja muyembekezere 27 mpaka 29.

Pali kayezedwe kena kofala m'magalaja a m'mbali mwa msewu kamene ndikukupemphani kuti mukane: kuzula mutu wa batire injini ikulira, ati kuti ikapanda kuzima ndiye kuti alitaneta ili bwino. Batire ndilo limameza kukwera kwadzidzidzi kwa magetsi, ndipo likachotsedwa mavolti amadumpha kutali, n'kuwotcha madayodi a alitaneta yomweyo (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), wailesi, ngakhalenso kompyuta ya injini, imene kuti muipeze mungafunike kuitanitsa ku Beira, ku Blantyre kapena ku Johannesburg. Komanso kayezedwe kameneka sikanena zoona, pakuti alitaneta yofooka ingathe kusunga injini ikulira koma osakwanitsa kudzaza batire.

Musanamasule alitaneta, tsimikizani kuti vuto lilidi m'kati mwake. Kumbuyo kwake kuli boti yomangirapo waya wonenepa wopita ku batire. Yezani pamenepo injini ikulira, mosamala kuti zovala ndi zingwe za mita zisakodwe mu lamba. Ngati pamenepo pali 14 pomwe pa batire pali 12.3, alitaneta ikugwira ntchito koma magetsi akutayika panjira, ndipo muyang'ane fyuzi yaikulu, imene pa Toyota zambiri yalembedwa ALT ndipo imakhala ya 100A kapena 120A, kapena waya wopsa pamalo olumikizira. Kusiyana kwa mbali ziwirizi kusapitirire theka la volti nyali zili zoyaka. Zulaninso kapulagi kakang'ono ka mawaya awiri, atatu kapena anayi, muone ngati mano ake sanachite dzimbiri, ndipo muyang'ane timafyuzi tolembedwa CHARGE, GAUGE kapena ALT-S.

Kanyali komweko nakonso kamafunika kukayesa. Mukatembenuza kiyi osaliza injini kayenera kuyaka, ndipo kazime injini ikalira. Ngati sikayaka n'komwe musasangalale, chifukwa pa alitaneta zina zakale moto woyambitsira kutchaja umadutsa m'kababu kameneko, ndiye kakapsa alitaneta imagona mpaka mutaponda mafuta mwamphamvu. Pa Toyota zakale za dizilo, alitaneta ikafa nyali zingapo zimayakira limodzi, ya batire, ya buleki ndi ya madzi a m'sefa ya dizilo, chifukwa zonsezo zimayesedwa kudzera pa waya umodzi. Mwini galimoto amaopa kuti zinthu zitatu zawonongeka tsiku limodzi, pomwe vuto ndi limodzi lokha.

M'kati mwa alitaneta zimene zimafa kawirikawiri ndi maburashi, timakala tiwiri timene timakhudza mkombero wozungulira. Akamatha, kanyali kamayamba ndi kuphethira, kuyaka lero mawa osayaka, kapena kuzima mukadutsa pa bampu. Ndi otsika mtengo, ndipo katswiri wa magetsi a galimoto amawasintha pasanathe ola. Regulator, imene imalamulira kuchuluka kwa mavolti, ikafa alitaneta imasiya kutchaja kapena imatchaja mopitirira. Dayodi ikapsa alitaneta imalira kaphokoso kosongoka kokwera pamodzi ndi injini, imatchaja moperewera, ndipo ingathe kumamwa batire usiku galimoto itaima. Kuti muigwire, ikani mita pa AC injini ikulira, ndipo nambala yopitirira theka la volti ikukuuzani kuti dayodi yapita. Alitaneta imadziziziritsa pokoka mpweya, choncho fumbi la malasha la ku Moatize ndi la misewu ya kumudzi limalowa m'kati, ndipo likakumana ndi oyilo wodontha kuchokera pa chivundikiro cha injini kapena pa silu ya kapampu kaja limasanduka phala lakuda limene limamata maburashi. Mukasintha maburashi osatseka pamene pakudontha, mudzabwereranso kugalaja. Maganizo anga ndi akuti alitaneta imene inabwera ndi galimoto, ikakonzedwa ndi munthu wodziwa, imakhalitsa kuposa yatsopano yopanda dzina. Ngati kugula n'kosapeweka, tengani yakaleyo popita kusitolo kuti mufananitse pulagi, pule, mabowo a maboti ndi maampu olembedwa pa chizindikiro chake.

Kutchaja mopitirira n'koopsa kuposa kusatchaja, ndipo si nthawi zonse pamene kanyali kamachenjeza. Mita ikasonyeza 15 kapena kuposa, mababu akamapsa pafupipafupi, batire likamatentha, kufufuma m'mbali kapena kununkha ngati dzira lowola, imikani galimoto mpaka regulator itasinthidwa. Ngakhale zonse zili bwino, kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa madzi a m'batire ndi kudya msanga mapuleti a mtovu a m'kati mwake. Ngati batire lanu lili ndi zotsekera, litseguleni mwezi ndi mwezi m'nyengo yotentha, muone kuti madzi aphimba mapuleti, ndipo muonjezere madzi a batire okhaokha amene amagulitsidwa pamalo omwetsera mafuta. Madzi a pamjigo kapena a mumtsinje ali ndi mchere umene umapha mapuleti, ndipo asidi saonjezeredwa chifukwa chimene chimauma ndi madzi. Batire lovulazidwa ndi dzuwa la mu Tete limalizabe bwino kuchigwa, koma mukagona ku Tsangano kapena ku Ulongwe mu Juni, m'mawa wozizira ndi umene umaulula kufooka kwake. Onetsetsaninso kuti lamangidwa ndi chitsulo chake, osati ndi mphira wa chubu, pakuti kudumphadumpha kumathothola mapuleti.

Batire likatheratu, musayembekeze kuti alitaneta ilidzaza poyenda mtunda waufupi wa mu tauni. Ntchito yoteroyo imaitenthetsa kwambiri ndipo batire silidzazabe. Lipititseni pa chaja yapang'onopang'ono usiku wonse. Amene amazula batire la galimoto kuti aonerere kanema kapena kuunikira m'nyumba adziwe kuti silinapangidwire kutsitsidwa mpaka pansi, ndipo likachitidwa zimenezo kangapo limasiya kusunga moto.

Vuto lina ndi la galimoto imene imatchaja bwino, batire lake n'labwino, koma ikagona masiku awiri siilira. Pamenepo pali chinthu chimene chikudya moto kiyi itachotsedwa. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, masulani mutu wa (−), ikani mita pa 10A ndi kuilumikiza pakati pa mutuwo ndi waya wake, ndipo musayerekeze kuliza injini mita ili pamenepo. Dikirani theka la ola kuti makompyuta agone. Nambala yoyenera ndi yosapitirira 0.05A, ikakhala pamwamba, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka itagwa, ndipo fyuzi imeneyo yakuonetsani dera la vutolo. Mafyuzi onse akatha nambala isanatsike, kayikirani dayodi ya alitaneta. Kawirikawiri wolakwa amakhala chinthu choonjezera: ampulifaya ya zoimbira yolumikizidwa mwachindunji ku batire, nyali zazitali za LED, alamu, chida cholondolera galimoto, kapena kababu ka m'buti kamene sikazima. Kumadera a chimanga ngati Angónia, galimoto yoimikidwa pafupi ndi zokolola imalowedwa ndi makoswe amene amatafuna zikopa za mawaya. Mukaona zitosi kapena makoko a mtedza pamwamba pa injini, tsatirani mtolo wa mawaya ndi tochi.

Fyuzi ikapsa ikani ya nambala yomweyo, ndipo mitundu yake imathandiza: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Ikapsanso nthawi yomweyo pali shoti, ndipo muyang'ane pamene mawaya amadutsa pabowo la chitsulo, pa mahinji a zitseko ndi pafupi ndi ekizozi. Kukulunga fyuzi ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kumasamutsa moto kuchoka pa fyuzi kupita pa mawaya obisika kuseri kwa dashibodi, ndipo magalimoto ambiri amene amapsera pamsewu amayamba motero.

Pobwereka moto kwa galimoto ina, chingwe chofiira chilumikize (+) ya batire lakufa ndi (+) ya labwino, chakuda chiyambire pa (−) ya labwino ndi kukathera pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire, kuti moto wothetheka usakumane ndi mpweya wa haidrojeni uja. Yang'anani zizindikiro zosindikizidwa pa batire lenilenilo, osadalira mtundu wa mawaya, chifukwa pa magalimoto okonzedwakonzedwa mitundu imasokonezeka, ndipo kusemphanitsa kwa sekondi imodzi kumawotcha fyuzi yaikulu ndi madayodi. Galimoto yaing'ono isabwereke moto ku lole ya mavolti 24. Pa malolewo, mabatire awiri amasinthidwa pamodzi, ndipo kutapa mavolti 12 pa batire limodzi kuti muimbire wailesi kumapha onse awiri, lina chifukwa chosadzaza, linalo chifukwa chodzazitsitsa.

Ntchito ikatha kugalaja, musalipire kanyali katangozima, popeza kanyali kangathe kuzimitsidwa pozula babu. Pemphani mwaulemu kuti a makanika atembenuze kiyi muone kakuyaka, alize injini muone kakuzima, kenaka aike mita pa batire nyali ndi fani zili zoyaka, inu muwerenge nokha nambala yopitirira 13.5. Tengani zipangizo zakale zimene achotsa, lembani tsiku logulira pa batire ndi cholembera chosafufutika, sungani lisiti ya chitsimikizo, ndipo lamba wakale ngati sanaduke muikeni pansi pa mpando pamodzi ndi masipanala a 10, 12 ndi 14 ndiponso mafyuzi angapo osiyana manambala.